Nthambi Khumi ndi Ziwiri pa Mpanda

Pamene Mtisunge ankatsegula katani ya kukhitchini, bambo ake anali atafika kale pa mtengo wa mapeyala ndi khasu lawo. Nkhungu ya mu Juni inali isanachoke. Udzu wa kuseri kwa nyumbayo unali utakula ndi mvula ya mu Epulo ndi Meyi, moti mkuluyo ankaoneka kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba basi, ngati munthu amene akuwoloka mtsinje.

"Ayambanso," anatero Fraser, mwamuna wake, akumanga tayi. "Machesi ali kuti?"

"Ali m'chikwama mwanga."

"Onse?"

"Ndi oyatsira makandulo omwe."

A Titus Mbewe, bambo ake a Mtisunge, anabwera ku Nairobi mu Janyuwale, patatha miyezi iwiri mkazi wawo atamwalira. Anagwira ntchito yolondera nkhalango pa phiri la Dedza zaka makumi atatu ndi chimodzi. Atafika ku Karen, dera la mu Nairobi kumene mwana wawoyo ankakhala, anangokhala pakhonde miyezi inayi, atavala jekete, manja ali pamaondo. Ankadya akauzidwa, ankasamba akauzidwa. Mvula italeka anadzuka tsiku lina n'kupempha khasu.

Masabata atatu m'mbuyomo anali atayatsa kachigawo kakang'ono ka udzu pafupi ndi mpanda. Anati ankangoyesa. Mama Veronica, mwini nyumba, amene ankakhala m'chinyumba cha kutsogolo kwa malo omwewo, anaona utsi. Anabwera ndi pepala la mgwirizano wa lendi, chala chili pa mzere woletsa moto wa panja, ngakhale wotenthera zinyalala.

"Mutu wa apongoziwa sukuyenda bwino, amake Lusu," anatero Fraser tsopano, akuyang'ana pawindo. Ankamuitana ndi dzina la mwana wawo Lusubilo, amene anali kusukulu yogonera komweko. "Si chipongwe ayi. Akangochitanso za moto, ndikuwakweza ndege. Akakhale kwa achemwali awo ku Linthipe."

Mtisunge anaganizira za ku Linthipe. Achemwali a bambo akewo anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndipo maso anali atawathera. Kumeneko bambo ake akanabwerera pakhonde, popanda wowauza kuti adye.

Anathira tiyi m'kapu n'kutuluka. Mame ananyowetsa masilipasi ake. A Titus anali atalambula kanjira koyera, kotambalala ngati mkeka, kuchokera pa mpanda wa kum'mawa kudutsa kuseri kwa thanki ya madzi mpaka pa mtengo wa mapeyala. Dothi lofiira linkaoneka, lopanda kachitsotso ngakhale kamodzi.

"Mwadzuka bwanji, ababa?"

"Ndadzuka, Nambewe. Taona ichi." Anathyola udzu umodzi n'kuupinda pafupi ndi khutu la mwana wawoyo. Nsonga inathetheka. Anapindanso cha kutsinde. Unangopindika, osalira. "Wamva? Kumutu wauma, kumapazi uli ndi madzi. Moto wa lero ungayende chokwawa. Ukadikira Seputembala, uuma mpaka kumizu. Wina adzaponya ndudu kumsewuko ndipo moto udzadumpha thankiyi, udzalowa m'denga mwanu."

"Kuno salola, ababa."

"Udzuwu anauuza kuti salola?"

Anamwa tiyi ataimirira, n'kubweza kapu, n'kutolanso khasu.

Mtisunge ankagwira ntchito ku bungwe lina loona za nthaka ndi nkhalango. Mwezi umenewo anamupatsa ntchito yolemba kabuku kofotokoza bilu imene bungwelo linkafuna kuti aphungu akaikambirane, yoti boma liziphunzitsa anthu kutentha tchire mwadongosolo lisanaumitsitse. Ankalemba m'chipinda chokhala ndi kapeti, pa nsanjika yachitatu, mawindo ali otseka. Chikwama chokhala ndi mabokosi asanu ndi awiri a machesi chinkakhala pansi pa desiki, pafupi ndi mapazi ake.

Lachinayi anabwera nako kabukuko kunyumba. Dzuwa lisanalowe anakhala pakhonde kukonza mawu ndi pensulo. Bambo ake anakhala pambali pake akuchotsa minga ya chisoso pa buluku.

"Ukulemba chiyani chimene chikukukwinyitsa nkhope?"

"Za moto."

"Tandiwerengera."

Anawerenga m'Chingerezi, n'kumamasulira. Munthu asanatenthe alambule njira yotchinga moto. Adziwitse anansi ake onse. Asankhe nthawi imene mphepo ili yochepa.

"Imeneyo ndi nthawi yanji?" anafunsa a Titus.

"Zimatengera malo."

"Pano. Kuseri kwa nyumba yako ino. Mphepo imagona nthawi yanji?"

Mtisunge anayang'ana udzuwo. Anali atakhala m'nyumbamo zaka zinayi.

"Sindikudziwa."

"Imachokera kum'mawa, kudutsa pa mitengo italiitaliyo. Imayamba cha m'ma teni. Ikamakwana hafu pasiti folo imatopa. Faifi yagona. Sikisi mame ayamba." Anaseka pang'ono, koyamba chibwerere. "Kabuku kako n'kabwino. Kakungosowa mphepo."

Mtisunge anaika pensulo pansi. Anakumbukira phiri la Dedza ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anthu anandanda m'mbali mwa nkhalango ya paini, aliyense ndi nthambi yaiwisi m'manja. Mayi ake anali atamanga chitenje m'chiuno ndi china kumutu. Moto unkayenda pansi ngati mkanda wofiira womwe wina akuukoka pang'onopang'ono, ndipo utsi unkanunkhira ngati chimanga chootcha. Bambo ake ankayenda kutsogolo ndi muuni, osathamanga, akuitana anthu mayina. Iye anali ndi kanthambi kake ka mgwafa. Sanamenye nako moto ngakhale kamodzi, koma usiku wake anagona nako pamphasa.

"Amayi ankaima mbali iti?" anafunsa.

"Kumanzere kwanga. Nthawi zonse." Anapitiriza kuchotsa chisoso.

Lachisanu masana foni ya pa desiki inalira. Anali Mama Veronica. Ankalankhula Chingerezi chothamanga, mwina n'kuponyamo Chiswahili.

"Mzee wanu, bambo anuwo, wazungulira msewu wonse. Wavala suti ndi chipewa. Pa geti iliyonse akuima, akuwomba m'manja, akuuza askari wolondera pagetipo kuti mawa folo koloko kuli moto. Anthu andiimbira asanu. Mzungu woweta mahatchi woyandikana nafe uja akufuna kuitana apolisi. Akuti pali nkhalamba ikuopseza kuti itentha Karen."

"Sakuopseza, Mama. Akudziwitsa anansi."

"Kuno munthu akafuna kudziwitsa anansi amalemba kalata kwa komiti. Ndanena kale. Ndikangoona utsi, nyumba yanga mundibwezere."

Madzulo ake Fraser anafika ndi envulopu ya kampani ya ndege. Anaiika pa tebulo la kuchipinda, pafupi ndi mafuta odzola a mkazi wake.

"Lachiwiri m'mawa," anatero.

"Sanakhudze machesi, bambo a Lusu."

"Akhudza mageti khumi ndi awiri. Ndawerenga. Askari wa pangodya anandiimitsa n'kundifunsa ngati apongozi anga amamwa mankhwala." Anakhala pa bedi n'kuvula nsapato. "Nyumba ngati ino ku Karen sitidzaipezanso. Ndipo tsiku lina tidzabwera kuntchito n'kupeza phulusa, iwo ali pakati pake."

"Mwawauza?"

"Ine ndiuze apongozi kuti nyamukani? Ndi bambo anu. Muwauze ndinu."

Mtisunge sanawauze.

Loweruka kunacha kwa mitambo, kenaka dzuwa linatuluka cha m'ma leveni. A Titus anamaliza kulambula mbali ya kumadzulo, kanjira kaja n'kuzungulira udzu wonse. Atadya anatenga chikwanje n'kupita ku migwafa ya kumpanda. Anadula nthambi khumi ndi ziwiri, zamasamba ambiri, n'kuzisadza kuti chogwirira chikhale chosalala. Anaziyedzamiritsa pa mpanda motsatana, iliyonse payokha. Kenaka anatenga chitini chopanda kanthu ndi kamtengo, n'kulowa m'udzumo akuimba chitinicho.

"Tsopano akuimbira ndani?" anafunsa Fraser ali pawindo.

"Akuchenjeza eni tchire," anatero Mtisunge.

Nkhwali ziwiri zinauluka. Patapita kanthawi a Titus anatuluka atanyamula fulu wamng'ono m'manja awiri, n'kukamuika pansi pa thanki.

Folo koloko itatsala pang'ono anasamba m'manja, anavala jombo, anatembenuza ndowa n'kukhalapo atayang'ana ku geti. Pamaondo anaika muuni wa udzu wouma umene anamanga ndi luzi.

Folo inakwana. Galimoto inadutsa kumsewu osaima. Agalu a kwa mzungu wa mahatchi anauwa n'kuleka. Masamba a mitengo italiitali ya kum'mawa ankagwedezeka, kenaka anayamba kuchita ulesi. Mkuluyo sanasunthe. Manja ake anabwerera pamaondo monga ankakhalira mu Janyuwale.

"Asiyeni," anatero Fraser. "Alibe machesi. Atopa okha."

Mtisunge anatuluka n'kukanjuta pambali pa ndowayo.

"Sabwera, ababa."

"Achedwa chabe. Ndinawauza onse."

"Kuno sabwera."

A Titus anayang'ana nthambi zija pa mpanda. "Kwathu munthu ukamuuza za moto amabwera, ngakhale amene simulankhulana. A Petro tinakhala zaka zisanu osapatsana moni pa nkhani ya mbuzi. Koma tsiku la moto ankafika oyamba, n'kutenga nthambi yaikulu kuposa zonse. Tikamaliza ankabwerera kwawo osatsanzika." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Ndiye anthu akunowa moto ukabwera wokha amatani?"

"Amaimba foni."

"Ooh."

Anatsitsa muuni uja n'kuuika pansi. Mtisunge anaona mmene anauikira, mosamala, ngati mmene anaikira chitenje cha mayi ake m'bokosi tsiku la maliro. Anaimirira, analowa m'nyumba, anatsegula chikwama n'kutenga bokosi limodzi la machesi. Fraser anamutsatira mpaka pakhomo.

"Amake Lusu, mukupita kuti?"

"Kwa Mama Veronica."

Anawapeza pakhonde lawo akumwa tiyi, atafunda shawelo, foni yopanda chingwe ili pa tebulo.

"Mama, ndabwera kudzakuuzani pamaso. Titentha udzu wa kuseri. Njira yalambulidwa kuzungulira konse. Pofika sikisi moto ukhala utazima."

"Iwe ndi sukulu yako yonseyo?"

"Eya. Pa mpanda pali nthambi yanu ngati mungafune."

Mama Veronica anaika kapu pansi. "Ine ndili ndi zaka sikisite-faifi, mwana wanga. Sindimenyana ndi moto ndi masamba. Ukayatsa, kumapeto kwa Julayi mutuluke."

"Ndamva."

Anabwerera osathamanga. Anaika machesi m'dzanja la bambo ake, n'kupita ku mpanda kukatenga nthambi. Anavula masilipasi n'kuvala nsapato za mphira, anamanga chitenje m'chiuno, n'kukaima kumanzere kwawo.

A Titus anayang'ana machesiwo nthawi yaitali. Kenaka anatola dothi louma pang'ono n'kuliwaza m'mwamba. Fumbi linatsika pafupifupi choongoka, n'kupendekera pang'ono kumadzulo.

Fraser anafika akupuma mofulumira. Anatsegula pakamwa, koma amene anali patsogolo pake anali apongozi, ndipo m'zaka khumi ndi zisanu za ukwati anali asanawatsutsepo pamaso.

"Apongozi, mwafika bwino," anatero a Titus, n'kumupatsa nthambi. "Kaimeni pa thanki. Musamenye ndisananene. Moto uyambira kuno kumadzulo, uyenda cholimbana ndi mphepo. Pa chulu paja uimirira mpaka m'chiuno, musaope, pali udzu wakale. Ukafika pa mapeyala ugona wokha."

Fraser anayang'ana nthambiyo, anayang'ana mkazi wake, n'kupita pa thanki.

Machesi oyamba anagwira. A Titus anayenda m'mbali mwa kanjira ka kumadzulo akukhudza udzu ndi muuni, apa, kenaka mapazi atatu, apanso. Timoto tija tinatambasuka n'kugwirana manja. Mzerewo unayamba kulowa m'udzu pang'onopang'ono, wosapitirira bondo, ukudya nsonga n'kusiya matsinde. Unkalira ngati mvula yoyamba pa malata. Utsi woyera unakwera choongoka, dzuwa la madzulo n'kuupaka chikasu, ndipo nyumba, thanki ndi Fraser yemwe zinayamba kuoneka ngati zili pansi pa madzi.

Ziwala zinkadumpha kutsogolo kwa moto. Anamzeze anatulukira osadziwika kochokera, n'kumalowa mu utsi ndi kutulukira mbali ina. Pamwamba pawo kabawi ankazungulira osakupiza mapiko.

"Nambewe, sendera kuno. Usayang'ane lawi, yang'ana kumene kukugwera zothetheka."

Mawu awo anali akale aja, a paphiri. Mtisunge anamva fungo la chimanga chootcha. Kwa kanthawi anaona ngati mzere wa anthu wafika mpaka ku mpanda, aliyense ndi nthambi yake, a Petro ali kumapeto atayang'ana kumbali. Utsi utapatuka panali nthambi khumi zokha, zitayedzamira pamene zinali.

Pa chulu moto unaimirira mpaka m'chiuno, n'kulira mokweza. Fraser anakweza nthambi.

"Ayi, apongozi. Usiyeni udye."

Unadya, n'kutsikanso. Kachipeta kamodzi koyaka kanauluka n'kugwera kutsidya kwa kanjira, pafupi ndi phazi la Mtisunge. Anakamenya kawiri, kanazima. Imeneyo inali ntchito yonse ya nthambi tsiku limenelo.

Kutsogolo, pa ngodya ya chinyumba chachikulu, Mama Veronica anali ataima ndi shawelo yawo, foni ili m'manja. Sanaimbe. Sanayandikirenso.

Dzuwa litatsikira kuseri kwa mitengo, kuzizira kunayamba kukwera kuchokera pansi. Mzere wa moto unaduka pakati, kenaka unadukanso. Unafika pafupi ndi mtengo wa mapeyala uli tizidutswa, ukunyambita udzu wonyowa, ndipo usanakhudze n'komwe kanjira ka kum'mawa unagona. Panatsala nthaka yakuda, yofunda, ndi timautsi towonda apa ndi apo.

Fraser anayang'ana wotchi yake. Inali sikisi kutsala mphindi zisanu. Nthambi yake inali ndi masamba onse.

A Titus anazungulira lupsa lonselo akuponda zitsa zofuka ndi jombo. Atamaliza anakatenga fulu uja pansi pa thanki n'kukamuika m'munsi mwa migwafa, mmene munali mosapsa.

"Nambewe," anaitana, "kuli chakudya? Njala yandipweteka."

Kalata ya Mama Veronica inalowa pansi pa chitseko Lolemba m'mawa. Inali ya mizere itatu. Fraser anaiwerenga ataimirira, n'kuipinda kanayi.

"Mwatitayitsa nyumba, amake Lusu."

"Ndikudziwa. Ababa akupita nafe kumene tikupitako."

Fraser anaponya kalatayo pa tebulo. Analowa kuchipinda, anatenga envulopu ya ndege ija n'kuiika m'thumba la jekete. Madzulo anabwera wopanda envulopu, ali ndi nyuzipepala yotsegula pa tsamba la nyumba za lendi. Sabata yonseyo analankhula ndi mkazi wake za mchere ndi makiyi basi. Lachiwiri linadutsa, a Titus osadziwa kuti linali ndi ndege.

Nyumba inapezeka ku Utawala, kutali, kupitirira bwalo la ndege, kumene msewu unali wa fumbi ndipo maminibasi otchedwa matatu ankabwera akafuna. Inali ya zipinda zitatu, yopanda mtengo ndi umodzi womwe.

Tsiku losamuka, katundu ali m'lole, Mtisunge anapita kuseri komaliza. Pa nthaka yakuda paja panali patamera msipu wobiriwira, waufupi ngati tsitsi la khanda. Mama Veronica anali ataima m'mphepete mwake, akuukhudza ndi nsonga ya ndodo yawo.

"Wamera msanga," anatero, osatembenuka.

"Eya, Mama."

"Makiyi usiye pa tebulo."

Ku Utawala Fraser anatsitsa yekha sutikesi ya apongozi ake n'kukaiika m'chipinda choyang'ana kum'mawa. A Titus sanalowe. Anaima pa geti, chipewa chili m'manja. Kuseri kwa nyumba zinayi zoyandikana nazo kunalibe mpanda wina uliwonse. Udzu wachikasu unkapita mpaka kumene ndege zinkatsikira, ukuweyuka ngati madzi.

"Udzu wonsewu ndi wa ndani?" anafunsa.

Fraser anayang'ana mkazi wake. "Machesi ali kuti?"

"Ali m'khitchini, pa shelefu," anatero Mtisunge. Anatembenukira kwa bambo ake. "Mawa tiyamba ndi nyumba yobiriwirayo, ababa. Tipita tonse. Ine ndizilankhula, inu muziwauza za mphepo."